Funso: tiike kosi ya unzika, kapena tisinthe kaphunzitsidwe?

Moni nonse pa gulu pano. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa aphunzitsi a kuyunivesite ndi inu amene munadutsako kale.

Ndili mu komiti yokonzanso maphunziro a digiri ya engineering pa sukulu yathu (dzina lake ndilisunge). Akuluakulu akufuna kuti omaliza maphunziro azituluka ali nzika zodalirika, koma atipatsa malo a kosi imodzi yokha m'chaka choyamba. Komiti yagawikana. Ena akuti tiike kosi yokakamiza aliyense: malamulo oyendetsera dziko, ufulu wa anthu, kuipa kwa katangale, kenako mayeso kumapeto kwa semesita. Enafe tikuopa kuti ana adzangoloweza, n'kukhoza, n'kuiwala. Tikufuna kuti maola omwewo apite ku pulojekiti imene ophunzira a engineering, a zamalamulo ndi a zaumoyo azilimbana limodzi ndi vuto lenileni, monga la madzi akumwa m'dera lina, eni dera nawonso akhale ndi mawu.

Povuta ndi apa: pulojekiti imadya ndalama, ndipo kugwirizanitsa nthawi ya makalasi a magulu atatuwa ndi nkhondo payokha. Kosi ya mu holo imangofuna mphunzitsi mmodzi ndi maikolofoni. Ndikanene chiyani ku komiti kuti andimve?

Mphunzitsi wa mbiri yakale: Aphunzitsi anzanga, musafulumire kuinyoza kosi yokakamiza. Ku Columbia University, ku New York, anayamba kosi ya Contemporary Civilization mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, ndipo ilipobe mpaka lero. Ku Harvard, Charles Eliot, amene anatsogolera sukuluyo kuyambira 1869 mpaka 1909, analola ophunzira kusankha pafupifupi chilichonse chimene akufuna. Wolowa m'malo mwake, Lawrence Lowell, anabwezako malire ena: munthu akhale ndi phunziro lake lenileni, komanso alaweko maphunziro a mbali zina. Ndiye mkangano wanuwu ndi wakale. Koma chimene chimapatsa mphamvu kosi ya ku Columbia ija ndi chiwerengero cha ophunzira m'kalasi. Amakhala ochepa, onse awerenga buku limodzi, ndipo amatsutsana maso ndi maso. Munthu amaphunzira kumvetsera mnzake amene akumuona kuti akulakwa, osamutukwana komanso osatuluka m'kalasi. Mukaika anthu mazanamazana mu holo imodzi zimenezo sizingatheke ayi. Ku komitiko afunseni kuti kalasi idzakhala ya anthu angati. Yankho lake likuuzani ngati kosiyo ili ndi phindu.

Dokotala wina: Za pulojekiti ndikugwirizana nanu, koma samalani. Ku Mexico ophunzira udokotala a yunivesite ya UNAM anayamba kutumizidwa kukatumikira kumidzi mu 1936, ndipo masiku ano wophunzira wa digiri m'dzikomo amayenera kugwira ntchito yotumikira anthu maola 480 asanalandire pepala lake. Lamulo ndi labwino, koma dandaulo limamveka lakuti ena maola awo amathera muofesi, akungosanja mafayilo. Ntchito yotere ikasowa woiyang'anira imasanduka kusainitsa fomu. Chinanso, anthu a m'deralo asakhale ngati odwala amene ophunzira amaphunzirirapo kubaya jakisoni. Muwauze kuyambira pachiyambi zimene adzapindule, ndiponso amene adzakonze mpope ukadzawonongeka semesita itatha.

Kholo: Ife timalipira fizi kuti mwana akaphunzire ntchito. Khalidwe limachokera kunyumba. Musamudyere maola a masamu.

Dokotala wina: Bambo, injiniya amene adzasainire kuti mlatho uli bwino pamene akudziwa kuti simenti yachepa, masamu amawadziwa ndithu. Chimene chidzamuvute ndi kukana bwana wake, ndipo kukana kotero munthu amayenera kukuyeserera ali pasukulu.

Mtsogoleri wakale wa ophunzira: Pepani aphunzitsi, ndifunse mosabisa: mu komiti yanuyo muli wophunzira? Chifukwa ngati mulibe, nonse mbali ziwiri mukukonzera ana phunziro la demokalase iwo ali panja pa chitseko. Ku Córdoba, m'dziko la Argentina, ophunzira anaukira mu 1918 pofuna, mwa zina, kukhala nawo m'mabungwe oyendetsa yunivesite, ndipo maganizo amenewo anafalikira m'maiko ambiri a ku Latin America. Ine zimene ndinaphunzira pa nkhani ya unzika zinachokera ku zinthu zooneka zazing'ono: kodi malikisi ndingachite nawo apilo osaopa kubwezeredwa? Bajeti ya bungwe la ophunzira imaikidwa poyera? Chisankho chathu akuluakulu amalowererapo? Mwana akaona zaka zinayi kuti wodandaula ndiye amalephera mayeso, adzapita kuntchito atadziwa kale kuti kukhala chete n'kumene kumapulumutsa. Zimene ndatchulazi sizifuna ndalama ngati pulojekiti yanu.

Wofunsa: Mulibe wophunzira mu komitiyi, ndipo malamulo athu saletsa kumuitana, ndiye ndikapempha kuti abwere awiri ovota nawo. Za kukula kwa kalasi ndazilemba. Mwina tingayambe ndi a engineering ndi a zaumoyo okha, kuti nthawi ya makalasi isativute. Chimene chatsala ndi malikisi. Pa ntchito ya pagulu mumadziwa kale, mmodzi amagwira, anayi amangolembetsa maina. Alipo amene anapeza njira yoti izi zisachitike?

Mphunzitsi wa mbiri yakale: Gawani malikisi patatu: ntchito ya gulu lonse, lipoti la munthu payekha, ndi mafunso a pakamwa pomwe inu mumasankha woyankha. Musawauziretu kuti funso liti lipita kwa ndani.