Kompyuta ikumangozima yokha popanda chenjezo: ndiyambire pati?

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kompyuta yanga ya pa desiki yayamba kumazima n'kuyakanso yokha, nthawi zina ndikamakonza makanema, nthawi zina ndikamangolemba kalata wamba. Ndinaikamo Windows 10 mwatsopano koma palibe chimene chasintha, choncho ndikukayikira zipangizo za m'kati. Mu Event Viewer, momwe Windows imalemba zochitika za pa kompyuta, ndikungopezamo uthenga wa Kernel-Power 41.

Katswiri wa Makina: Uthenga wa Kernel-Power 41 umangosonyeza kuti kompyuta inazima mosayembekezereka, sutchula chimene chinachititsa. Kodi sikirini imasanduka ya buluu isanazime? Ngati sikirini ya buluuyo, imene Windows imaonetsa ikakumana ndi vuto lalikulu, imalemba MEMORY_MANAGEMENT, yambani ndi RAM (memore ya kompyuta): ikani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa flash, muyatsire kompyutayo pa flash yomweyo, ndipo muisiye ikuyesa usiku wonse, chifukwa cholakwika ngakhale chimodzi ndi umboni wokwanira. Ngati muli ndi ma RAM awiri, yesani imodziimodzi mutazimitsa XMP (imene imawonjezera liwiro la RAM) mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito mukangoyatsa kompyuta.

Wa ku Zomba: Zikomo achimwene. Sikirini ya buluu sindinaionepo, imangothima ngati munthu wazula pulagi.

Mlonda: Zikatero, pali zinthu ziwiri zoti muziyang'anitsitse: kutentha ndi power supply (bokosi logawa magetsi m'kati mwa kompyuta). Kutentha n'kosavuta kuyeza, chifukwa pulogalamu ya HWMonitor imaonetsa madigiri a purosesa (ubongo wa kompyuta), ndipo purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera liwiro, kenaka kompyuta imazima kuti isapse. Chotsani fumbi pa mafani, muikenso thermal paste (mankhwala opaka pa purosesa ochotsera kutentha) yatsopano ngati yakaleyo inauma. Komabe, popeza mwanena kuti imazima ngakhale polemba kalata, ntchito imene siitenthetsa purosesa n'komwe, ine ndikuloza power supply, imene imafooka msanga kumalo kumene magetsi amathimathima, makamaka ngati palibe UPS (chipangizo cha batire chopatsa kompyuta magetsi akathima). Njira yodalirika ndiyo kubwereka power supply ina yabwino n'kuigwiritsa ntchito masiku angapo, osasinthanso china chilichonse pa nthawiyo. Chonde musatsegule bokosi la power supply, chifukwa ma capacitor a m'menemo amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi.

Katswiri wa Makina: Ndikugwirizana ndi a Mlonda, koma musanabwereke kanthu, lowani mu Startup and Recovery ya mu Windows muchotse chizindikiro pa Automatically restart, chifukwa nthawi zina Windows imayakanso mofulumira kwambiri moti sikirini ya buluu siioneka. Ikadzaoneka n'kulemba WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, mudzatiuze, chifukwa pamenepo tidzayenera kuyang'ananso purosesa ndi motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse).