Za kalasi yanga ya Chingerezi ija

Mwezi watha ndinafunsa kuti ndingaphunzitse bwanji Chingerezi m'kalasi ya sekondale momwe ana amalankhula zilankhulo zosiyanasiyana kwawo, ena akuwerenga mosadodoma pomwe ena akuvutika ngakhale kulemba chiganizo chimodzi. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ndinayamba ndi kuwayesa potsata magawo a CEFR, ndondomeko ya ku Ulaya yoyezera luso la munthu pa chilankhulo, omwe amayambira pa A1 (gawo lotsikitsitsa) kukafika C2 (gawo lapamwamba kwambiri). Chomwe chinandidzidzimutsa n'chakuti ena mwa ana olankhula Chingerezi mosajejema ndi omwenso akulephera kulemba chimangirizo. Katswiri wina wa maphunziro a zilankhulo, Jim Cummins, anafotokoza kale zimenezi: chilankhulo chochezera mwana amachitola m'zaka 2 zokha, koma cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7. Ine ndinkawayesa aulesi. Ndinawalakwira kwambiri.

Tsopano tonse timawerenga nkhani imodzi, koma ntchito imasiyana. Oyamba kumene ndimawayambira ziganizo kuti amalize, otsogola amalemba maganizo awoawo. Ndimawalolanso kukambirana kaye m'chilankhulo chawo asanalembe, ndipo amene ankangokhala duu ayamba kukweza mkono.

Chikundivutabe ndi mayeso, poti pepala ndi limodzi kwa onse. Aphunzitsi anzanga, inu mumatani pamenepa?