Mwana wachialubino pamene makolo onse ndi akuda

Nambewe, Ulongwe:
Mng'ono wanga wabereka mwana wamkazi wachialubino, chonsecho iye ndi mwamuna wake onse ndi akuda, ndipo akuchimuna ayamba kunena kuti zimenezi zachokera kwathu. Ndikupempha odziwa sayansi atifotokozere mmene zimachitikira, komanso chifukwa chimene anthu otere amadwalira khansa yapakhungu akadali achinyamata.

Mphunzitsi wa ku Moatize:
Mayi, akuchimunawo akulakwitsa. Khungu limada chifukwa cha utoto wachilengedwe wotchedwa melanin, ndipo malangizo opangira melaninyo ali mu DNA, yomwe timatengera kwa makolo athu, m'tizigawo totchedwa ma gene. Kuno kum'mwera kwa Sahara chialubino chofala kwambiri chimabwera ndi gene ya OCA2, yomwe ili pa chingwe cha DNA chotchedwa chromosome 15. Munthu aliyense ali nazo ziwiri, ina ya kwa mayi, ina ya kwa bambo, ndipo imodzi yokha ikamagwira ntchito khungu limada bwinobwino. Mwana amakhala wachialubino pokhapokha atalandira yosagwira ntchito kuchokera kwa onse awiri, ndipo kwa makolo otere mpata wake ndi 1 mwa 4 pa mimba iliyonse. Choncho mlamu wanuyo waperekapo theka, ngakhale kwawo asakumbukire wachialubino aliyense, pakuti gene imeneyi imatha kudutsa mibadwo ingapo osaonekera.

Namwino wa mumzinda wa Tete:
Ine ndiyankhe za khansa. Melanin amaphimba DNA ya m'maselo a khungu ngati kachipewa. Akasowa, kuwala kwa dzuwa kotchedwa UV kumawononga DNA tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale selo limadzikonza, zolakwika zina zimatsalira n'kumaunjikana. Zikagwera pa gene ya p53, yomwe imaletsa selo lowonongeka kugawikana, seloyo imachulukana mosalekeza, ndipo nthawi zambiri imasanduka khansa yotchedwa squamous cell carcinoma. Ndaonapo mnyamata wa zaka 20 wolima opanda chipewa, khosi lake lili ndi makwinya ndi timamba ngati la nkhalamba, ndipo timamba totero ndiye poyambira.

Musanamizidwe ndi kuzizira kwa kwanuko ku Angónia, chifukwa kumalo okwera UV amakhala wamphamvu ngakhale thukuta lisatuluke. Mwanayo azivala chipewa chakhonde ndi malaya a manja aatali, azipakidwa mafuta oteteza ku dzuwa akapitirira miyezi 6, ndipo chilonda cha pamlomo kapena pakhutu chikakana kupola mupite naye kuchipatala msanga.

Nambewe, Ulongwe:
Zikomo nonse. Loweruka ankhoswe a mbali zonse akukumana, ndipo za theka la mlamu wangazo ndikawawerengera ndekha.