Kodi "khuma" ndi "ndwii" n'chimodzimodzi?

Moni nonse abale. Ndithandizeni, mwana wandisowetsa choyankha. Dzulo agogo ake atamupeza pakhonde atagwira tsaya, nsima osaikhudza, anati, "Iwe, bwanji wangoti khuma ngati pamaliro?" Usiku anandifunsa tanthauzo lake, ine kakasi.

Ndayang'ana mu mtanthauziramawu wa pafoni, wangondipatsa "chisoni" basi. Mnzanga wa ku Dedza akuti ndi chimodzimodzi ndi "ndwii", koma ine sindikukhutira. Kwathu ku Ntcheu munthu wa ndwii amakhala kuti wakwiya, watupa, safuna kuyankhulitsidwa. Wa khuma ndimamuona ngati wofooka mumtima, mwina walandira uthenga woipa.

Ndiye kwanuko mumawasiyanitsa bwanji? Komanso kodi nkoyenera kuuza wamkulu kuti "mwakhumata", kapena ndi mwano?