Ndigule filimu yanji yojambulira anthu osankha fodya m'chigafa?

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene mudakajambulabe ndi filimu. Ndili ku Kasungu, ndipo fodya wa burley akauma ndikufuna kujambula mabanja amene amamusankha ndi kumumanga m'zigafa za kwathu kuno. Kamera yanga ndi Pentax K1000.

Chondivuta ndi kuwala. Pakati pa chigafa pamakhala mthunzi waukulu, masamba olendewera ndi ofiirira, nkhope za anthu ndi zakuda, koma poti chigafa chilibe makoma, dzuwa limawalira m'mbali mwamphamvu. Velvia 50 ndaisiya kale, chifukwa filimu ya slide (yotulutsa chithunzi chenicheni pa filimu pomwepo, osati negetivi) siipirira kusiyana kotereku, komanso imatsukidwa ndi mankhwala a E-6 amene sapezeka wamba. Mtima wanga uli pa Kodak Ektar 100 chifukwa cha mitundu yake yowala ndi timadontho take tosaoneka, koma ndikuopa kuti ISO 100 (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala; ikachepa, filimu imafuna kuwala kwambiri) mumthunzi indikakamiza kutsitsa liwiro la kachitseko ka kamera mpaka manja a amayi osankha masamba aziwoneka mbuu. Kodi pamenepa Portra 400 ndiye yoyenera, kapena ndingosankha filimu yopanda mitundu?

Yankho: Achimwene, Ektar isungireni phiri la Kasungu kapena damu la Lifupa m'mamawa, osati nkhope za anthu, pakuti imafiiritsa khungu ndipo mumthunzi imakonda kupendekera ku buluu. Portra 400 ndi imene idapangidwira zithunzi za anthu, ndipo imapirira kuwala kochuluka kuposa kochepa. Muiike pa ISO 200 m'kamera kuti ilandire kuwala kochulukirapo, muyezere kuwala pafupi ndi nkhope ya munthuyo, musalole kuti mita yoyezera kuwala ione dzuwa la kunja, chifukwa ikatero idzakuuzani kuti muchepetse kwambiri kuwala kolowa m'kamera ndipo pankhope padzangoti bii. Kunjako kudzawala ndithu, koma negetivi idzasungabe zambiri zoti zioneke pochita sikani.

Yankho: Ine ndikusiyana nawo pang'ono abambo ayankha pamwambawa. Kukongola kwa chigafa kuli pa mitsempha ya tsamba, makwinya a zala ndi fumbi louluka pamene kuwala kwalowera, ndipo zimenezi filimu yopanda mitundu ya Ilford HP5 Plus imazigwira bwino. Ndi ya ISO 400, koma mutha kuikankha mpaka 1600 (kujambula ngati kuti ndi ya ISO 1600) ngati mwaonjezera nthawi yotsukira, ngakhale timadontho timakula. Ubwino wina ndi woti mungatsuke nokha kunyumba ndi mankhwala osungunulidwa m'madzi a madigiri 20, pamene Portra imafuna mankhwala a C-41 pa madigiri pafupifupi 38 osasinthasintha. Iliyonse mungagule, musaisiye m'galimoto yotentha. Isungeni m'furiji, ndipo muitulutse msanga kuti ifunde musanatsegule kabotolo kake.

Wofunsa: Zikomo nonse awiri. Komabe wosankha fodya amasiyanitsa magiredi poyang'ananso mtundu wa tsamba, choncho sindikufuna kutaya mitundu. Funso langa latsala pa Portra: ndikaiika pa 200, wotsuka ndimuuze, kapena atsuke monga mwa nthawi zonse?

Yankho: Musamuuze kanthu, achimwene, atsuke ngati ya 400.