Mwana wanga akafika kunyumba salankhula, apongozi akuti ndi mwano. Nditani?

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde dzina langa lisaoneke, alamu anga ali momuno. Ndili ndi mwana wamkazi amene madokotala anati ali ndi autism, mkhalidwe wobadwa nawo umene umakhudza mmene munthu amalankhulira ndi kuchezera ndi anthu. Kulankhula amalankhula ndithu, tsiku labwino akayamba za mbalame amatha ola lathunthu, mayina ake onse ali m'mutu. Koma masiku ano akangolowa m'nyumba madzulo, pakamwa tseke. Ndikafunsa kuti waswera bwanji amangondiyang'ana, milomo kugwedera ngati ayankha koma mawu osatuluka, kenako kuchipinda n'kudzifunditsa bulangete ndi kutentha konseku. Lamlungu apongozi anga anabwera kuchokera ku Ntcheu, anamupatsa moni katatu, iye zii. Anakana nsima yanga, ati sangadye m'nyumba ya mwano. Chonsecho ndi omwewa anagulitsa mbuzi zanga ziwiri osandiuza. Bambo ake ali ku Johannesburg, foni ndi kamodzi pa mwezi, ya lendi ndimachita kupempha, alandilodi nawonso akweza. Mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga, akuti iyeyu akhale nawo polandira alendo. Tulo sindikuliona. Kodi akuchita dala, kapena matendawa akukula?

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Mayi, ndaphunzitsa zaka 31, ndikuuzani mosapsatira. Mwana amene amatha ola kukamba za mbalame sangalephere kunena kuti ndili bwino kaya inu. Ndi mawu anayi okha! Mwamulekerera. Mulandeni foni, muzimukhazika pamphasa agogo ake akabwera mpaka ayankhe. Masiku ano chilichonse tikuchipatsa dzina lachizungu, ulemu n'kumatha.

Namwino, Zomba: Achemwali, ali ndi zaka zingati? Ndipo zayamba liti, chasintha n'chiyani pa tsiku lake? Popanda zimenezi tonse tikungolota.

Mayi wa mapasa: Mwandikumbutsa zanga. Wanga wamwamuna anamubweza pa sukulu ina ali sitandade 2, ati akusokoneza anzake chifukwa ankabwereza mawu a aphunzitsi. Fizi ya temu yonse osandibwezera, yunifolomu nditasoketsa kale ziwiri. Ndinalira mu minibasi mpaka kondakitala anandisiya osalipira. Amuna anga anati kwathu kulibe zotere, zachokera kwa inu. Limbani mtima mayi.

Mayi a chigwirizano: Pali pomwe adokotala amalekezera. Mutengeni mukagone kuphiri masiku atatu, lilime lomangidwa limamasuka. Ndipo apongozi amene amagulitsa mbuzi za eni muziwayang'anitsitsa.

Mnyamata wa kabaza: Mbuzi ziwiri zija ndiye nkhani yaikulu apa. Agogo abweze kaye mbuzi, moni abwera pambuyo.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Iwe wa kabaza, akuluakulu akukamba. Ndi mtundu womwewu wa ana osadziwa moni umene ndikunena.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Zoti apongozi anamuchita chipongwe sindikhulupirira, ngakhale pakamwa pawo ndi poipa. Pa maliro a amuna awo anandinena pagulu kuti ndiwo ndinathira mchere wambiri.

Namwino, Zomba: Achemwali, zaka za mwana?

Bambo wa ku Area 25: Palibe amene akufuna kunena, koma ndi katemera. Fufuzani nokha.

Namwino, Zomba: Bambo, nkhani imeneyo inayamba ndi dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, mu 1998, atalemba za ana 12 okha. Magazini ya Lancet inachotsa zimene analembazo mu 2010, iye n'kulandidwa chiphaso cha udokotala chaka chomwecho. Kafukufuku wa ana ambirimbiri sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemera ndi autism. Musaopseze amayi, chikuku chimapha ana.

Bambo wa ku Area 25: Inu mumalipidwa kuti muzitero.

Wa autism mnzake, Lilongwe: Mayi, ine ndili ndi autism, ndine wamkulu, ndimagwira ntchito. Zimene mwafotokozazo ndimazidziwa ndi thupi langa, ndiye ndiloleni nditalikitse.

Aphunzitsi akuti ndi mawu anayi okha. Kwa inu ndi anayi. Kwa ine, munthu akandipatsa moni ndiyenera kupatula mawu ake pakati pa wailesi, mbale zikutsukidwa ndi ana akusewera panja, chifukwa khutu langa limalandira zonsezo mofanana, palibe chimene chimatsika chokha. Ndiyeno ndiganize ngati akufunadi kudziwa mmene ndilili kapena ndi mwambo chabe. Ndisankhe mawu, ndikumbukire kuti awa ndi a "inu", ndikonze liwu kuti lisamveke ngati ndakwiya, nkhope nayo ndiikonze, ndigwade. Ndisanamalize, afunsa kale lachiwiri: kunyumba kuli bwanji? Moni wathu ndi wautali, ndipo ena zonsezi zimangochitika zokha, ine ndimachita kupalasa chimodzichimodzi.

Zili ngati mayunitsi a magetsi. M'mawa ndimadzuka nawo, munthu aliyense wolankhula naye amadyako. Akatha, mawu amakhala alipo m'mutu, chiganizo chonse ndikuchiona, koma njira yopita kukamwa yatsekeka. Milomo kugwedera kumene mukuona kuja ndi iyeyo akuyesetsa. Zimawawa kwambiri kuona agogo akukwiya iwe ukukuwa yankho m'kati. Za mbalame n'zosavuta chifukwa mawu ake ndi okonzeka kale, palibe zoyeza nkhope ya munthu. Bulangete nalo ndi lothandiza, mdima ndi kulemera kwake zimatontholetsa thupi. Akandisiya maola awiri mawu amabwerera. Akandikakamiza, ndimatha masiku.

Komanso chonde, autism si matenda amene amakula ngati chotupa. Timabadwa nayo. Chimene chimakula ndi katundu amene tasenza.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Taonani! Walemba ndime zinayi, Chichewa chosalala, ndiye akuti amalephera kulankhula. Mwadzitsutsa nokha mwanawe.

Wa autism mnzake, Lilongwe: Bambo, kulemba ndi kwina. Palibe akundidikira, palibe liwu, palibe nkhope, ndingafufute n'kuyambiranso. Izi ndalemba mphindi 40. Mukanandifunsa maso ndi maso madzulo ano mukanangomva zii.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: M'kalasi mwanga munali ana 90 ndipo aliyense ankaimirira kunena good morning teacher. Panalibe za mayunitsi.

Mayi wa mapasa: Analipo aphunzitsi, ndi aja munkawatcha mbuli n'kusiya sukulu ali sitandade 3.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Mayi samalani pakamwa. Ana anga ena lero ndi madokotala.

Mlongo wa ku Leeds: Ine ndimagwira ntchito yosamalira anthu kuno ku England, ena mwa iwo ndi a autism. Izi kuno amazitcha shutdown, ndipo kutopa kwa miyezi chifukwa chodzibisa kuti uoneke ngati ena amati autistic burnout. Timawapatsa makadi, lofiira kutanthauza sindingalankhule pano, lobiriwira ndili bwino. Kwa ana aang'ono pali njira ya zithunzi yotchedwa PECS, mwana amapereka chithunzi cha chimene akufuna. Mungadule zithunzi nokha n'kumata pa katoni. Koma kuno nako musaone ngati kumwamba, anthu amadikira nthawi yaitali kuti ayezedwe, ndiye kuzizira, lendi ndiye musanene.

Wogulitsa zamasamba: Musiyitseni shuga, buledi ndi mkaka. Ndili ndi ufa wa moringa wosakaniza, bwerani ku inbox.

Admin: Malonda ayi. Chenjezo lomaliza.

Namwino, Zomba: Ndikufunsanso kachitatu chifukwa yankho likusintha zonse. Ngati ndi wamng'ono ndipo wasiya mawu amene ankawadziwa, apite kuchipatala sabata ino, amuyezenso makutu, ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki ya zamakutu. Ngati muli kumpoto, ku St John of God ku Mzuzu amaona ana otere. Ngati ndi mtsikana wamkulu, kukhala chete kwadzidzidzi kungakhalenso kukhumudwa, kapena wina akumuvutitsa kumene amapita. Akudya? Akugona? ZAKA ZINGATI?

Membala wobisa dzina: Pepani anamwino, ndimayesa ndanena. Ali ndi zaka 24. Mu August anayamba ntchito pa kakontena kotumizira ndalama pafoni ku Limbe, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Abwana ake amamuyamikira, sasokoneza ndalama ngakhale K50. Kudya akudya.

Mlongo wa ku Leeds: Mayi inu! Ine ndimadula makatoni a mwana wa zaka zisanu.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Ndiye bwino, mwandithandiza. Makasitomala amawayankha tsiku lonse, agogo ake omubala bambo ake ayi? Ndalama ndiye yaposa magazi?

Wa autism mnzake, Lilongwe: Maola khumi ku Limbe, mahutala, oitanira minibasi, masipika, munthu aliyense kutchula nambala mothamanga ena akukalipa kuti ndalama sinalowe, kenako minibasi yobwerera. Mayi, mwana wanu akufika atatheratu, ndipo amagwera kwa inu chifukwa ndi pokhapo pamene sakuopa kuchotsedwa ntchito. Akafika musamufunse kanthu, madzi ndi chakudya muikeni pafupi, mumusiye. Gwirizanani chizindikiro cha moni, kaya kuwomba m'manja mwaulemu, akuluakulu amakulandira kumeneko. Lamlungu likhale lopuma lenileni. Funso la anamwino lija lakuti pali womuvutitsa mumufunse polemba. Ku chinkhoswe asaime pakhomo. Apatsidwe kuwerenga ndalama za perekaniperekani m'chipinda chakumbuyo, kutali ndi masipika.

Mayi a chigwirizano: Kuphiri kulibe masipika. Ndangodutsa.

Membala wobisa dzina: Ndamulembera pa WhatsApp iye ali kuchipinda ine pabalaza. Wayankha kuti palibe akumuvutitsa, koma pofika 3 koloko mutu umakhala ukulira, ndipo agogo anawamva katatu konse, wakhala akulira nazo. Akuti ntchito asasiye, amaikonda. Za kuwerenga ndalama wavomera.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Kulemberana makalata m'nyumba imodzi. Dziko lapita.

Membala wobisa dzina: Tsono apongozi anga sawerenga, foni yawo ndi ya mabatani, ndipo akuti Loweruka akubweranso ndi ankhoswe kudzakamba za mwanoyu. Loweruka iye amaweruka 5 koloko. Ndiwauze chiyani?