Khitchini yanga yachepa: ndigwetse khoma kapena ndiyambe ndi makabati?

Mayi wa ku 25:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munakonzapo khitchini ya nyumba yomwe mukukhalamo kale. Yathu ili ku Area 25 ku Lilongwe, ya njerwa zootcha, ndipo khitchini yake ndi kachipinda ka mamita 3 mulitali ndi 2.5 mulifupi. Muli sinki imodzi yachitsulo, kazenera koyang'ana kumpanda, ndi soketi imodzi yomwe filiji, ketulo ndi hotipuleti zimalimbirana. Pansi ndi simenti yofiira, yayamba kung'aluka chapafupi ndi sinki. Ufa, mapoto ndi zidebe za madzi zonse zili pansi, moti anthu awiri sitingaphike limodzi osapondana.

Mwezi wamawa wolandira ku chipeleganyu ndine, ndipo bambo akunyumba avomera kuwonjezerapo. Mtima wanga uli pogwetsa khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza kuti ndizicheza ndi ana ndikamaphika, kenako ndiike makabati oyera aja timawaona pa Facebook. Bambo akuti tigwetsenso kakhitchini kapanja kuti galimoto izikhota bwino. Apongozi anga, omwe timakhala nawo, atamva za kakhitchini kapanjako anangoti zii, mpaka lero sanayankhepo. Pakhomo tilipo anthu 8. Ndalama sizikwanira zonse nthawi imodzi. Ndiyambire pati?

Mmisiri wa ku Kawale:

Mayi, musanakhudze khomalo, wina akwere m'siling'i ndi tochi akaone pomwe pakhalira mitengo ya denga. Ngati yakhalira pa khoma limenelo ndiye kuti likusenza denga, ndipo si logwetsa ndi hamala chisawawa. Pamafunika bimu ya konkire yazitsulo mkati, yokhazikika bwino mbali zonse ziwiri, ndipo kukula kwake awerengere ndi injiniya, osati kuyerekeza ndi maso. Ena adzakuuzani kuti khoma lopyapyala, la masentimita 11, limangogawa zipinda, lonyamula ndi la masentimita 23. Nthawi zambiri ndi zoona, koma nyumba zomangidwa pang'onopang'ono ndaziona zambiri, denga litakhalira pa kakhoma kopyapyala komweko. Kaoneni ndithu.

Poyambira ndi pa zinthu zobisika: mapaipi ndi mawaya. Izi zimafuna kugoba makoma ndi kukumba pansi, ndiye mukayamba ndi matailosi mudzawaswa nokha. Mng'alu womwe mukunenawo undikayikitsa chifukwa uli pafupi ndi sinki. Mwina paipi ikudontha pansi n'kumafewetsa dothi. Pulambala aswe pamenepo aone. Paipi yotulutsa madzi a m'sinki ikhale ya mamilimita 50, yotsetsereka bwino, yokhala ndi kopindika kaja kosunga madzi pansi pa sinki, chifukwa ndiko kamatsekereza fungo ndi mphemvu. Madziwo akathere m'dzenje la miyala kutali ndi maziko a nyumba, asamangotayikira patsinde pa khoma.

Tsono za makabati oyerawo. Matabwa ake ambiri ndi utuchi wopanikiza wokutidwa ndi pulasitiki. Ali bwino pouma, koma madzi akangolowa m'mphepete amafufuma ndipo sabwereranso. Ife timakolopa ndi madzi ambiri, timasunganso zidebe m'khitchini, ndiye m'munsi mwake simuchedwa kuwola. Chomwe ndimawalangiza anthu ndi kumanga tizipilala ta njerwa n'kuthira silabu ya konkire pamwamba, masentimita 90 kuchokera pansi, 60 kuchokera kukhoma. Pansi pake mukweze ndi simenti masentimita 10 kuti madzi okolopera asalowe. Silabuyo muziithira madzi sabata yathunthu kuti ilimbe, kenako matailosi pamwamba. Imeneyo chiswe sichidya, poto wotentha saiwotcha. Zitseko zake mudzapangitse kwa akalipentala a ku Mchesi ndalama zikadzapezekanso, mutha kuyamba mwaika nsalu. Pogula muonetsetse kuti matabwa ndi ouma, chifukwa paini wauwisi amapindika chitseko n'kuleka kutsekeka.

Kazenerako kakuzeni pomwe mukugoba makoma, sinki ikhale pansi pake. Ndipo ntchito yonse ithe mvula ya mu Novembala isanayambe, poti masiku amenewo muzidzaphikira panja.

Agogo a ku Chinamwali:

Mwanawe, kungoti zii kwa apongozi akowo ndi yankho kale. Kakhitchini kapanja usagwetse ayi.

Taganiza nsima ya anthu 8. Poto wake ndi wamkulu, ndipo povundula umafunika kuweramira, mthiko m'manja awiri, mphamvu ikuchokera m'mapewa. Pa tebulo la masentimita 90 lomwe anena a mmisiriwo, uikeponso chitofu ndi poto, mthiko ukufika pachifuwa. Nsima yotero imatuluka ya mibulu, wophikanso amatopa msanga. Tebulo limenelo ndi labwino podulira masamba, kuphikira tiyi ndi ndiwo zofulumira. Nsima yambiri malo ake ndi pansi, pa mbaula kapena pa mafuwa.

Nanga nyemba zouma, zomwe zimakhala pamoto maola angapo, udzaziphikira pa gasi? Nanga thobwa, kuwamba nsomba, kuwaula nkhuku ukaisosola? Tsiku la chinkhoswe kapena pakagwa zovuta, amayi a mumpingo akabwera ndi mapoto awo akuluakulu adzasonkha moto pati? Ndiponso makala sayatsidwa m'nyumba yotseka. Amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa munthu osadzukanso. Sitinaiwale 2022, namondwe Ana ataononga ku Kapichira, momwe magetsi anasowera miyezi yambirimbiri. Amene anali ndi pophikira panja sanagone ndi njala.

M'malo mogwetsa, kakonze. Siya mpata pakati pa khoma ndi malata kuti utsi uzituluka, paka simenti pansi, manga kabenchi kakafupi kokhalapo. Ngati mumagwiritsa ntchito nkhuni, gula chitetezo mbaula, yadothi ija, imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa. Bambowo galimoto aziikhotetsa kawiri, si vuto lalikulu.

Za khoma la pabalaza, ine sindikugwirizana nazo ngakhale litakhala losanyamula denga. Ukakazinga usipa kapena utaka fungo limakakamira m'makatani ndi m'masofa. Komanso alendo akafika mwadzidzidzi, ziwiya zosatsuka zonse zili poyera, iwe ukugawa ndiwo iwo akuwerenga nthuli. Boola kazenera kopatsirana mbale, ana uziwaona pamenepo.

Wamagetsi wa ku Bangwe:

Ndiwonjezereko mbali yanga, mayi. Soketi imodzi kunyamula filiji, ketulo ndi hotipuleti ndi ngozi. Soketi wamba ndi ya maampu 13, ndipo ketulo yokha imatenga pafupifupi 9 kapena 10. Kuka yaikulu (chitofu cha magetsi) imafuna waya wakewake wa 6mm kuchokera ku bokosi la magetsi, ndi buleka ndi swichi yakeyake. Ngakhale simunagule kuka, kokeranitu wayayo pano makoma ali ogoba. Masoketi ikani okwanira pamwamba pa silabu, otalikirana ndi sinki, ndi ina ya filiji payokha. Wogwira ntchitoyo akuonetseni chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi.

Ngati mukuganiza za gasi, dziwani kuti ndi wolemera kuposa mpweya wamba, akatuluka amatsikira pansi n'kudzadza m'kabati. Silinda ikhale choimirira, makamaka panja m'kanyumba ka zitsulo kokhoma, paipi n'kudutsa pakhoma. Ikakhala mkati, pansi pakhale mabowo opita panja. Polumikiza muzipakapo madzi a sopo: thovu likamatukusira ndiye kuti pakutuluka gasi. Osayesera ndi machesi.

Mayi wa ku 25:

Zikomo kwambiri nonse. Mphwanga anakwera dzulo madzulo, ndipo mitengo iwiri ya denga yakhaliradi pa khomalo. Tilisiya, tingoboola kazenera monga anenera agogo. Ndinawawerengera apongozi zomwe mwalemba za kakhitchini kapanja, anaseka n'kuyamba kundilongosolera pomwe akufuna kabenchi kawo. Bambo sanavomerebe kwenikweni, koma asiya kutchula za galimoto.

Funso lina kwa a mmisiri: ufa ndi madzi ndiziika pati? Timakonoletsa thumba lathunthu la makilogalamu 50, ndipo zidebe za madzi sizingachoke chifukwa mpopi umauma nthawi zina.

Mmisiri wa ku Kawale:

Yezani zidebe zanuzo musanamange zipilala, mpata wa pansi pa silabu utsatire zidebe, osati zidebe kutsatira mpata. Chigawo choyandikana ndi khomo chisiyeni chopanda shelefu ndi chitseko, za malita 20 ziziloweramo ndi kutuluka mosavuta. Ufa ukhale mbali ina, kutali ndi sinki ndi madziwo, m'chidebe chachikulu chovundikira bwino ukauma mokwanira. Matumba a chimanga asalowe m'khitchini, anankafumbwe angafalikire ku mpunga. Asanjikeni pa matabwa m'chipinda china, osagunda khoma. Kazenera kopatsirana mbaleko kaboolerani pakati pa mitengo iwiri ija, osati pansi pake penipeni, ndipo pamwamba pake aikepo linto ya konkire yolowa m'khoma masentimita osachepera 15 mbali iliyonse.